J. Edgar Hoover

John Edgar Hoover (1 Januwale 1895 – 2 Meyi 1972) anali mkulu wa bungwe lofufuza milandu la boma la America, FBI, kwa zaka 48.

Anabadwira mumzinda wa Washington ndipo anaphunzira zamalamulo pa yunivesite ya George Washington. Mu 1917 analowa ntchito ku unduna wa zachilungamo. Mabomba ataphulika m'mizinda ingapo mu 1919, anathandiza kukonza zoti anthu masauzande amangidwe, ambiri a iwo popanda umboni. Pa 10 Meyi 1924 anasankhidwa kutsogolera bungwelo, lomwe linatchedwa FBI mu 1935. Anachotsa antchito olowera m'ziphuphu, anasonkhanitsa zidindo za zala pamalo amodzi ndipo mu 1932 anatsegula labotale.

Hoover ankafuna kuti ukazitape wa kunja kwa dziko ukhalenso m'manja mwake. Pulezidenti Harry Truman anakana, ndipo mu 1947 panakhazikitsidwa CIA. Mabungwe awiriwa sanagwirizane kwenikweni: FBI inkagwira ntchito m'dziko, CIA kunja, ndipo lililonse linkaumira zomwe lapeza. Mu 1970 Hoover anathetsa mgwirizano wotumizirana uthenga ndi CIA. Pansi pa ulamuliro wake wofufuza ankatamandidwa chifukwa cha anthu amene wagwira ndi milandu imene yatha m'khoti, osati chifukwa chosanthula uthenga kuti chiwembu chidziwike chisanachitike.

Kuyambira 1956 mpaka 1971 ankayendetsa ntchito yachinsinsi ya COINTELPRO, yozonda ndi kusokoneza magulu a ndale komanso omenyera ufulu wa anthu akuda, kuphatikizapo Martin Luther King Jr. Iye atamwalira, komiti ya aphungu yotsogozedwa ndi Frank Church inafufuza zimenezi, ndipo mu 1976 panabwera lamulo loti mkulu wa FBI asapitirire zaka 10 pa udindo.

Si zofooka zonse za FBI zimene zinachokera kwa Hoover, koma zizolowezi zina zinatsalabe. Bungwe lofufuza za uchigawenga wa pa 11 Sepitembala 2001 linapeza mu 2004 kuti CIA inachedwa kudziwitsa FBI za Khalid al-Mihdhar ndi Nawaf al-Hazmi, komanso kuti chenjezo la wofufuza wa ku Phoenix lokhudza masukulu a oyendetsa ndege silinatsatiridwe. Likulu la FBI ku Washington, lomwe linatsegulidwa mu 1975, linatchedwa dzina lake.