Mary Anning, mtsikana wosauka yemwe adadzaza nyumba zosungiramo zakale

Mukalowa m'nyumba yosungiramo zakale ya Natural History Museum ku London, pali khonde lalitali lomwe zipupa zake zadzaza mafupa osanduka mwala a zilombo zam'nyanja zomwe zidatha kalekale. Ena mwa mafupa otchuka kwambiri pamenepo adafukulidwa ndi mayi yemwe adaphunzira kuwerenga ku Sande sukulu, ndipo kwa zaka zambiri dzina lake silinkatchulidwa n'komwe.

Mary Anning adabadwa pa 21 May 1799 ku Lyme Regis, tauni yaing'ono ya m'mphepete mwa nyanja kumwera kwa England. Makolo ake adabereka ana khumi, koma adakula awiri okha, iye ndi mlongo wake Joseph. Nayenso adapulumukira mkamwa mwa mbuzi ali ndi miyezi 15. Mphenzi idagwera mtengo womwe amayi atatu adaima pansi pake, onse n'kufa, kuphatikizapo yemwe adamunyamula, koma khandalo lidatsitsimuka.

Bambo ake, Richard, adali kalipentala. Pofuna kuwonjezera ya mchere, ankatola miyala yachilendo m'maphompho a m'mbali mwa nyanja n'kumagulitsa kwa alendo, ana ake ali pambuyo. Adamwalira mu 1810 n'kusiya ngongole. Mary adali ndi zaka 11, ndipo kutola miyala kudasanduka munda wa banjalo.

Mu 1811 Joseph adapeza chigaza chachitali kuposa mita imodzi, anthu n'kumati ndi cha ng'ona. Patapita miyezi, Mary adapeza thupi lake. Chidali chilombo chomwe pambuyo pake chidatchedwa ichthyosaur. Banjalo lidalandira mapaundi 23, ndipo mafupawo adapita ku London kukaonetsedwa.

Ntchitoyi idali yoika moyo pachiswe. Mafupa ankaonekera nyengo yozizira, namondwe akagumula maphompho, ndipo ankafunika kuwachotsa msanga nyanja isanawakokolole. Mu 1833 nthaka idagumuka n'kukwirira galu wake Tray, mwini wake atangotsala pang'ono kufera pomwepo.

Mu December 1823 adafukula mafupa athunthu a plesiosaur, chilombo cha mutu waung'ono ndi khosi lalitali modabwitsa. Georges Cuvier wa ku France, katswiri wamkulu wa mafupa a nyama nthawiyo, adakayikira kuti mwina mafupawo ndi olumikiza mwachinyengo. Izi zikadathetsa malonda a banjalo, pakuti ndani angagule kwa wonyenga? Akatswiri atawaunika, zidapezeka kuti ndi enieni, ndipo Cuvier adavomera kuti adalakwitsa. Komabe chilombocho chitafotokozedwa pamsonkhano wa bungwe la Geological Society of London mu 1824, wochifukula sadatchulidwe. Mu 1828 adapezanso pterosaur, chokwawa chouluka, choyamba kupezeka kunja kwa Germany.

Sikuti ankangokumba ayi. Ankabwereka zolemba za akatswiri n'kuzikopera pamanja pamodzi ndi zithunzi zake. Ankatumbula nsomba kuti afananize mafupa ake ndi a m'miyala. Adathandiza William Buckland kuzindikira kuti timiyala tina topezeka m'mimba mwa zilombozo tidali ndowe zouma, zomwe zimaulula chakudya chawo. Zomwe adapeza zidalimbitsa mfundo yomwe ambiri ankaikana, yoti mitundu ina ya nyama idatheratu padziko.

Nanga n'chifukwa chiyani dzina lake lidabisika? Adali mkazi, wosauka, komanso wobadwira mumpingo wa Congregational, pomwe anthu osakhala a Church of England ankasalidwa ku mayunivesite akuluakulu. Bungwe lija silidalandire akazi ngati mamembala mpaka 1919. Olemera ankagula mafupa kwa iye, n'kukawapereka kunyumba zosungiramo zakale, dzina lolembedwa n'kukhala la woperekayo. Si onse adali otero. Mu 1820 Thomas Birch adagulitsa mafupa omwe adagula kubanjali n'kulipatsa ndalamazo, ataona umphawi wake.

Mary adamwalira ndi khansa ya m'mawere pa 9 March 1847 ali ndi zaka 47. Mamembala a bungwe lomwe silidamulandire lija adasonkha nawo ndalama za windo la magalasi amitundumitundu m'tchalitchi cha St Michael ku Lyme Regis, lomwe limakumbutsanso za chifundo chake kwa osowa. Lero nyumba yosungiramo zakale ya m'tauniyo ili pamalo pomwe padali nyumba yomwe adabadwira, ndipo chipilala chake chidaimikidwa pafupi ndi nyanja mu 2022.

Tsiku lina inu mudzalemba kafukufuku wanu. Kudzakhala agogo omwe adakuuzani mbiri ya mudzi, kapena mlimi yemwe adakuonetsani pomera chitsamba chomwe munkafuna. Mudzalembe mayina awo akadali moyo.