Alphonse Pénaud

Alphonse Pénaud (31 Meyi 1850 – 22 Okutobala 1880) anali katswiri wa ku France wa luso lopanga zinthu zouluka. Amadziwika kwambiri chifukwa cha kandege kotchedwa Planophore, kamene anakaulutsa mu 1871 mogwiritsa ntchito mphira yopota. Kandegeka kanasonyeza kuti chinthu cholemera kuposa mpweya chingathe kuuluka chokha mokhazikika, ndipo anthu okonda kupanga tindege tating'ono amamutenga Pénaud ngati kholo la luso lawo.

Ubwana wake

Pénaud anabadwira mumzinda wa Paris. Bambo ake, Charles Pénaud, anali mkulu wa asilikali apamadzi a dziko la France, ndipo mwanayo ankafuna kutsata mapazi awo. Koma anadwala matenda a fupa la m'chiuno amene anamusiya akuyendera ndodo, motero usilikali unakanika. Atatsekeredwa njira imeneyi, anaika mtima pa funso limene linkasautsa akatswiri a nthawiyo: kodi munthu angauluke bwanji popanda chibaluni? Anawerenga zolemba za George Cayley wa ku England ndipo anathandiza kuti ntchito za munthuyu, zimene ambiri anali ataziiwala, zidziwikenso.

Mphira yopota

Vuto lalikulu la nthawiyo linali injini. Injini za nthunzi zinali zolemera kwambiri moti sizikanatha kudzinyamula zokha m'mwamba. Pénaud anaona kuti mphira ikapotedwa kambirimbiri imasunga mphamvu yambiri pamene iyo ndi yopepuka, ndipo ikamamasuka imatha kuzunguza pulopela. Mu 1870 anapanga kahelikopita kokhala ndi mapulopela awiri ozungulira mosemphana. Kachidoleka kanatchuka ndipo amalonda anayamba kupanga tina tofanana nako.

Planophore

Pa 18 Ogasiti 1871, m'munda wa Tuileries ku Paris, Pénaud anaulutsa Planophore pamaso pa anzake a m'bungwe loona za maulendo a mumlengalenga. Kandegeka kanali kotalika masentimita pafupifupi 51, mapiko ake kuchoka kunsonga kufika kunsonga anali masentimita pafupifupi 46, ndipo kankalemera magalamu 16 okha. Thunthu lake linali kandodo kamodzi, mphira inadutsa kunsi kwake, ndipo pulopela inali kumbuyo. Atapota mphirayo maulendo 240, kandegeka kanauluka mamita 40 m'masekondi 11.

Chimene chinagometsa anthu chinali kukhazikika kwake. Pénaud anaika kaphiko kakang'ono kumchira ndi kukapendeketsa pang'ono poyerekeza ndi mapiko aakulu. Kandege kakaweramitsa mutu, liwiro limakwera, mphepo imakankhira mchira pansi ndipo mutu umadzukanso. Mutu ukadzuka mopitirira, liwiro limatsika ndipo kamabwerera pamzere wake. Anapindiranso nsonga za mapiko m'mwamba, kuti kandege kakapendekera mbali imodzi, phiko lotsikalo lilandire mphepo yambiri n'kukawongola. Mchira wamtunduwu unadzatchedwa dzina lake, ndipo mfundo zonse ziwirizi zikugwirabe ntchito pa ndege zambiri masiku ano. Mu 1872 anapanganso kachipangizo kouluka mokupiza mapiko ngati mbalame, koyenderanso mphira.

Ndege yaikulu ya 1876

Cholinga cha Pénaud chinali ndege yonyamula munthu. Mu 1876, mogwirizana ndi mmisiri Paul Gauchot, analembetsa ku boma pulani ya ndege ya phiko limodzi lalikulu. Pa pulaniyo panali mapulopela awiri kutsogolo, chipinda cha woyendetsa chotchingidwa ndi galasi, matayala otha kupindikira m'kati ndege ikanyamuka, ndi chogwirira chimodzi chowongolera ndege m'mwamba, pansi ndi m'mbali. Inakonzedwanso kuti izitha kutera pamadzi. Zambiri mwa zimenezi zinadzaoneka pa ndege zenizeni patapita zaka makumi angapo.

Ndegeyi sinamangidwe. Injini yopepuka yokwanira inali isanapezeke, ndipo Pénaud sanapeze munthu woikapo ndalama. Atafooka ndi matenda komanso kukhumudwa, anadzipha ku Paris pa 22 Okutobala 1880 ali ndi zaka 30.

Zimene anasiya

Mu 1878, Pénaud akadali moyo, mbusa wa ku America dzina lake Milton Wright anabweretsera ana ake Wilbur ndi Orville kahelikopita kopangidwa potsatira luso la Pénaud. Anyamatawo anaseweretsa kachidoleko mpaka kanathyoka, kenako anayamba kupanga tawo. Atakula ankanena kuti chidwi chawo pa zouluka chinayambira pamenepo, ndipo pa 17 Disembala 1903 anaulutsa ndege yawo ya injini pafupi ndi Kitty Hawk ku North Carolina. Samuel Langley nayenso anayamba kafukufuku wake ndi tindege ta mphira tofanana ndi Planophore, ndipo Octave Chanute anafotokoza ntchito za Pénaud m'buku lake la 1894 lotchedwa Progress in Flying Machines.

Luso lopanga tindege linapitirira kukula. Pofika m'zaka za m'ma 1930, opanga ambiri ankagwiritsa ntchito mtengo wa balsa, umene umamera kwambiri ku Ecuador ndipo ndi wopepuka komanso wosavuta kudula ndi kampeni. Wopanga amayala pulani pathabwa, amadula nthiti za mapiko ndi timitengo ta thunthu, n'kuzikhomerera ndi mapini pamwamba pa mizere ya pulaniyo, kenako amamata ndi guluu ndi kukuta ndi pepala lopyapyala kapena pulasitiki. Kumapeto kwa zaka zomwezo, mapasa Walter ndi William Good a ku Michigan anaulutsa kandege kowongoleredwa ndi wailesi kuchokera pansi.

Ngakhale kandege ka wailesi kamadalirabe mfundo za Pénaud. Wopanga asanakaulutse koyamba amayeza pamene pagona kulemera kwake, kupendekeka kwa mchira ndi kukwera kwa nsonga za mapiko, chifukwa zimenezi zikalakwika kandege kamavuta kuwongolera. Tindege ta mphira natonso tidakalipo: mpikisano wa Wakefield Cup, umene unayamba mu 1928, ukuchitikabe pansi pa bungwe la Fédération Aéronautique Internationale.