Woyera Isaac Jogues, Mlendo Amene Anasungidwa ndi Anthu Osamdziwa

Pa 19 October Eklezia akumbukira amartiri 8 a ku America wa Kumpoto. Mmodzi wa iwo ndiye Bambo Isaac Jogues, wa Cipani ca Yesu. Ambiri amdziwa cifukwa ca manja ace opunduka ndi imfa yace yoopsya. Koma m'mbiri yace muli kanthu kena koyenera kukasunga mumtima: pa masiku a mabvuto ace akuru, abale ace ali kutali, Mulungu anamsunga ndi manja a nkhalamba yacikunja, a anthu a mpingo wina, ndi a amphawi amene sanamdziwe ngakhale dzina.

Isaac anabadwa pa 10 January 1607 mu mzinda wa Orléans, m'dziko la France. Atafika zaka 17 analowa Cipani ca Yesu ku Rouen, ndipo m'caka ca 1636 analandira unsembe. Caka comweco anaoloka nyanja yaikuru nafika ku Quebec, m'dziko limene lero liri Canada. Akuru ace anamtuma kwa eni dziko a mtundu wa Huron, ulendo wa masabata angapo pa bwato. Kumeneko anakhala zaka 6, naphunzira cinenero cao, nadya nao phala lao la cimanga. Nchito inali yolimba, pakuti nthenda zodza ndi Azungu zinapha anthu ambiri, ndipo ena anayamba kunena kuti ansembe ndi mfiti.

Masiku amenewo a Huron anali pa nkhondo ndi mtundu wina waukali, a Mohawk, polimbirana malonda a zikopa za nyama. M'mwezi wa August 1642, Bambo Jogues alikubwerera kucokera ku Quebec ndi katundu wa misyoni, a Mohawk anawalalira pa mtsinje wa St. Lawrence. Iye anagwera m'bango, ndipo akadakhala cete sakadamuona. Koma poona Akristu ace ali m'zingwe, anaturuka yekha nadzipereka, kuti nkhosa zisapite ku imfa popanda mbusa.

Anawatengera ku mudzi wa Ossernenon, m'dziko limene tsopano liri cigawo ca New York. Anamkwapula, namzula zikhadabo, namtafuna zala, namdula cala cacikuru ca dzanja lamanzere. Mnzace René Goupil anaphedwa ndi nkhwangwa pa 29 September, cifukwa ca kulemba cizindikiro ca mtanda pa mwana. Bambo Jogues anatsala kapolo, wotola nkhuni ndi kusenza akatundu m'cisanu coopsya.

Cifundo coyamba cinaturuka m'mudzi womwewo wa adani. M'banja limene anampereka munali mai wokalamba, wosabatizidwa. Maiyo anamcitira cisoni mzungu wa zironda uja, nayamba kumsamala ngati mwana wa m'nyumba. Anali kumpatsa cakudya, ndipo pakumva kuti anyamata apangana zomupha, anali kumcenjeza. Bambo Jogues anali kumuitana azakhali. M'caka ca ukapolo wace anatha kuyendera odwala ndi akapolo anzace, nabatiza anthu oposa 60, ambiri a iwo ali pafupi kufa.

Cifundo caciwiri cinacokera kumene wansembe wa nthawi imeneyo sakadaciyembekeza. Pafupi ndi dziko la a Mohawk panali Fort Orange, malo a malonda a Azungu a ku Holland, pamene lero pali mzinda wa Albany. Anthuwa anali Aprotestanti, ndipo zaka zomwezo ku Ulaya Akatolika ndi Aprotestanti analikuphana pa nkhondo imene inatha zaka 30, kuyambira 1618 kufikira 1648. Ndiponso cuma cao cinali kudalira ubwenzi ndi a Mohawk. Komabe mkuru wao wina, Arent van Curler, atangomva za akapolo Acifalansa, anapita ndi cuma kukawaombola, ngakhale a Mohawk anakana.

M'mwezi wa August 1643 ambuye ace anafika naye ku Fort Orange. A ku Holland anamuuza kuti akabwerera ku mudzi adzaphedwa, namuonetsa ngalawa imene inali pa mtsinje. Iye sanabvomere msanga. Anapempha usiku umodzi kuti apemphere, poopa kusiya Akristu ace; ndipo ataona kuti imfa yace siidzathandiza munthu, anabvomera. Pothawa usiku garu anamluma mwendo kolimba. Anambisa poyamba m'kati mwa ngalawa, ndipo pambuyo pace m'cipinda ca pamwamba m'nyumba ya munthu wina wokalamba, masabata 6. Mwini nyumbayo anali waumbombo, nadya yekha zambiri zimene anatumizira mlendo. A Mohawk anali kulowa m'nyumbamo kudzacita malonda, ndipo pakati pa iwo ndi iye panali matabwa okha okhala ndi mipata. Iwo anaopseza kuocha nyumba za Azungu aja, koma a ku Holland sanampereke; analipira cuma cao kufikira mkwiyo unazirala.

Amene anamsamala koposa ndiye mbusa wao, Johannes Megapolensis, wa mpingo wa Dutch Reformed. Mpingo umenewu ndiwo kholo la uja wa ku South Africa umene unatuma amisyoni ace ku Mvera m'caka ca 1889. Mbusayo anamperekeza yekha potsika mtsinje wa Hudson kufikira ku New Amsterdam, kumene lero kuli New York. Bwanamkubwa Willem Kieft anamlandira bwino, nambveka zobvala zatsopano m'malo mwa nsanza zace. Tsiku lina mnyamata wa ku Poland, wa mpingo wa Luther, anagwada pamaso pace pa njira, napsompsona manja ace opunduka, pomuyesa martiri wa Kristu.

M'mwezi wa November anampezera malo m'ngalawa yaing'ono yopita ku Ulaya. Atafika pa dooko la Falmouth ku England, mbala zinalowa m'ngalawamo ndi kumlanda cipewa ndi copfunda cace. Ngalawa ina yonyamula makala inamuolotsa, nimtsitsa pa gombe la Brittany, m'dziko la kwao, m'mawa wa tsiku la Kubadwa kwa Ambuye, m'caka ca 1643.

Apa ndipo anapeza cifundo cacitatu. Anafika pa kanyumba ka alimi osauka kudzafunsa njira ya ku chalichi. Eni nyumba, poona munthu woonda ndi wausiwa, anambwereka cipewa ndi copfunda kuti akalowe m'nyumba ya Mulungu mosacita manyazi, namuuza kuti abwere adzadye nao. Tsiku limenelo analapa nalandira Ukaristia, atakhala miyezi yoposa 16 osaulandira. Pa cakudya anthu aja anaona manja ace, ndipo atamva mbiri yace, ana akazi a m'nyumbamo anatenga timakobiri tao tonse nampatsa. Munthu wina wamalonda anamtengera ku Rennes, ku nyumba ya Cipani cace, kumene anafika pa 5 January 1644. Bambo Mkuru sanamzindikire. Pakumva kuti mlendoyo wacokera ku Canada, anamfunsa ngati Bambo Jogues akali moyo.

Mbiri yace inawanda m'dziko lonse. Mfumukazi Anne wa ku France anapsompsona manja ace. Malamulo a nthawi imeneyo sanalole wansembe wopanda zala zogwirira Ukaristia kucita Misa, koma Papa Urbano VIII anampatsa cilolezo. Ulemu wonsewo unamlemera Bambo Jogues, ndipo caka comweco ca 1644 anabwerera ku Canada.

M'caka ca 1646 anamtuma kwa a Mohawk kukalimbitsa mtendere. Anaonananso ndi azakhali ace aja, ndipo pocoka anasiya kabokosi ka zipangizo zace, poti adzabweranso. Iye atapita, nthenda inagwa m'mudzi ndipo mbozi zinadya cimanga. Anthu ena anati tsoka lonse laturuka m'kabokosimo. Pobwera iye kaciwiri pamodzi ndi mnyamata Jean de Lalande, anawagwira. A pfuko la Mmbulu ndi a pfuko la Kamba anafuna kuwapulumutsa, koma a pfuko la Cimbalangondo anakana. Madzulo a pa 18 October 1646 anamuitanira ku cakudya, ndipo alikuwerama polowa pa khomo anamtema ndi nkhwangwa. Anali ndi zaka 39. Lalande anaphedwa m'mawa mwace. Buku lace la Misa ndi la mapemphero a Mohawk anakawapereka kwa mbusa Megapolensis yemwe uja. Papa Pio XI anamlemba Bambo Jogues m'gulu la Oyera pa 29 June 1930.

Katekisimu aphunzitsa kuti kulandira alendo ndi imodzi ya nchito 7 za cifundo zothandiza thupi. Nkhalamba ya ku Ossernenon siinaphunzire katekisimu, mbusa wa ku Holland sanali wa Eklezia Katolika, ndipo ana a ku Brittany analibe kanthu koposa timakobiri tao. Koma onsewa anaicita nchitoyo, ena poika cuma ndi moyo wao pa ngozi. Akuru akale anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Cifukwa cace Mkristu amene wafikiridwa ndi munthu wobvutika asayambe wafunsa mtundu wace kapena mpingo wace. Ayambe wamtungira madzi ndi kumuyalira mphasa. Ndipo akatekisti, pofotokoza za Woyera ameneyu pa tsiku lace, awakumbutse Akristu kupempherera anansi ao a mipingo yina ndi osabatizidwa, pakuti mwa anthu otere Mulungu anasunga moyo wa wansembe wace.