Legson Kayira: Mnyamata yemwe adafunafuna koleji wapansi

Chaka chilichonse zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikatuluka, achinyamata ambiri amakhala mitima ili m'mwamba kudikira ngati asankhidwe kupita kuyunivesite. Ena amagwa mphwayi kaamba koti kusukulu kwawo kudalibe labotale kapena mphunzitsi wa masamu. Kwa oterewa, mbiri ya malemu Legson Didimu Kayira ndi yofunika kuimva.

Kayira adabadwa cha m'ma 1942 m'mudzi wa Mpale kwa Nthalire, dera lomwe nthawi imeneyo lidali pansi pa boma la Karonga koma lero lili m'boma la Chitipa. Makolo ake adali alimi osauka omwe sadapiteko kusukulu.

Malinga ndi zomwe iye mwini adalemba, ali wakhanda mayi ake adamuponya mumtsinje wa Didimu atasowa pogwira ndi umphawi, koma mwamwayi adapulumutsidwa. Apa ndi pomwe padachokera dzina loti Didimu. Dzina la Legson adadzipatsa yekha ali pasukulu.

Mutu wa mnyamatayu unkagwira ntchito ndipo adakafika mpaka kusukulu ya mishoni ya Livingstonia ku Khondowe, yomwe adayambitsa Dr Robert Laws m'chaka cha 1894. Koma atamaliza kumeneko mu 1958, njira idathera pomwepo. Dziko la Nyasaland lidalibe yunivesite ngakhale imodzi ndipo sukulu za sekondale zidali zowerengeka. Yunivesite ya Malawi idadzatsegula zitseko zake mu 1965.

Ali ku Livingstonia, Kayira adawerenga za anthu awiri a ku America omwe adamutenga mtima. Woyamba adali Abraham Lincoln, mwana wa mlimi wosauka yemwe adangokhala m'kalasi pafupifupi chaka chimodzi chokha, koma adadziphunzitsa yekha malamulo komanso masamu a Euclid mpaka kudzakhala mtsogoleri wa dziko lake.

Wachiwiri adali Booker T. Washington, yemwe adabadwa ali kapolo. Mu 1872 iyeyu adayenda ulendo wautali, pena wapansi, kukapempha malo pasukulu ya Hampton. Poti adafika ali mbuu komanso wopanda ndalama, mayeso ake olowera adali kusesa chipinda chophunziriramo. Adachisesa mobwerezabwereza mpaka fumbi lonse lidatha, ndipo adamulandira.

Kayira adaganiza kuti ngati awiriwa adatha, nayenso angathe. Mu Okutobala 1958, patangopita miyezi itatu Dr Hastings Kamuzu Banda atabwerera kumudzi, mnyamatayu adatsanzikana ndi mayi ake n'kuuyatsa ulendo wa ku America. Adalibe nsapato, chiphaso choyendera ngakhale kalata yomuitana kusukulu iliyonse. Adanyamula kankhwangwa, bulangete, kamba wa masiku asanu ndi mabuku awiri: Baibulo ndi The Pilgrim's Progress.

Cholinga chake chidali kukafika ku Egypt wapansi, komwe ankayembekeza kukapeza ntchito pasitima yapamadzi yopita ku America. Adadutsa m'dziko la Tanganyika, lomwe lero ndi Tanzania, akugwira maganyu m'midzi ndi m'matauni kuti apeze chakudya ndi pogona. Ndalama zikamuthera ankaima n'kugwira ntchito, zikapezeka ulendo nkupitirira.

Kumayambiriro kwa 1960 adafika mumzinda wa Kampala ku Uganda, ndipo kuno ndi komwe zinthu zidatembenuka. Akaweruka kuganyu, Kayira ankakhalira kuwerenga mulaibulale ya boma la America. Tsiku lina adapezamo buku la mndandanda wa makoleji a m'dzikolo ndipo maso ake adagwera pa Skagit Valley College, koleji yaing'ono ya mumzinda wa Mount Vernon m'chigawo cha Washington.

Adalemba kalata yopempha malo komanso thandizo la fizi. Adalibe wachibale waudindo womulankhulira, ndipo sadalinso ndi ndalama. Chomwe adali nacho ndi maphunziro a ku Livingstonia, luso lofotokoza bwino nkhani yake papepala, ndi umboni woti adali atayenda kale chaka ndi miyezi chifukwa chofuna sukulu. Akuluakulu a kolejiyo adakhutira ndipo adamuyankha kuti malo ndi thandizo zilipo.

Komatu mavuto sadathere pomwepo. Padafunika pasipoti, chilolezo cholowera ku America ndi ndalama ya ndege. Pasipoti adaipeza, kenaka adapitiriza ulendo mpaka ku Khartoum m'dziko la Sudan, atayenda mtunda woposa makilomita 3,000 kuchokera kwawo. Akuluakulu a ofesi ya kazembe wa America kumeneko adadziwitsa kolejiyo za vuto la mnyamatayu, ndipo ophunzira pamodzi ndi anthu a ku Mount Vernon adasonkha ndalama ya ulendo wake. Akulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mu Disembala 1960, patatha zaka ziwiri chinyamukireni kwawo, Kayira adatera ku America ndipo nkhani yake idalembedwa m'nyuzipepala zikuluzikulu za m'dzikolo.

Anthu omwe adamukhulupirira sadagwiritsidwe mwala. Atamaliza ku Skagit Valley adalowa University of Washington komwe adatenga digiri ya maphunziro a ndale, kenaka adapita ku St Catharine's College payunivesite ya Cambridge ku England kukaphunzira mbiri yakale.

Mu 1965 adatulutsa buku la mbiri ya ulendo wake lotchedwa I Will Try, dzina lomwe adalitenga pa mawu a chilimbikitso a sukulu ya Livingstonia otanthauza kuti ndiyesetsa. Bukuli lidagulidwa kwambiri ku America. Pambuyo pake adalemba mabuku a nthano anayi: The Looming Shadow mu 1967, Jingala mu 1969, The Civil Servant mu 1971 ndi The Detainee mu 1974. Lomalizali limakamba za munthu wamba wozunzika pansi pa ulamuliro wankhanza, nkhani yomwe sikadalankhulika poyera m'Malawi wa nthawi imeneyo.

Kayira adakhazikika ku England komwe mwa zina adagwira ntchito yoyang'anira anthu omwe khoti lawapatsa chilango chogwirira kunja kwa ndende. Adamwalira ku London pa 14 Okutobala 2012.

Lero mwana wa ku Chilumba, Kaporo kapena Nthalire safunikanso kuyenda wapansi mpaka ku Sudan. Dziko lino lili ndi mayunivesite a boma asanu ndi imodzi, kuphatikizapo Mzuni ku Mzuzu, MUST ku Thyolo, MUBAS ndi KUHeS ku Blantyre, ndipo ku Livingstonia komweko kudatsegulidwa yunivesite mu 2003. Koma malo ndi ochepa poyerekeza ndi ofuna kulowa. Wopempha malo amayenera kukhala ndi makirediti asanu ndi imodzi pa MSCE kuphatikizapo Chingerezi, ndipo wofuna udokotala kapena uinjiniya amayeneranso kuonetsa mphamvu pa masamu ndi maphunziro a sayansi monga Physics, Chemistry ndi Biology.

Mphamvu imeneyi sibwera sabata yolemba mayeso. Imachokera pa kusankha maphunziro oyenera polowa Fomu 3, kuchita masamu tsiku ndi tsiku, kubwereka buku pomwe sukulu ilibe, ndi kufufuza msanga zomwe kosi iliyonse imafuna, monga momwe Kayira adafufuzira mulaibulale ya ku Kampala.

Mnyamata wa ku Mpale uja adalibe nsapato, koma tsiku lomwe adapeza adiresi ya koleji adali atakonzeka kale kulemba kalata yomveka. Paja kanthu n'khama, phwiti adakwatira njiwa.