Mai Bessie Coleman: Adaphunzira Kutera pa Ndege Yopanda Mabuleki

Ana a ku Area 25 ndi ku Mgona akaona ndege ikutsika kuloŵera ku bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, amayesa kuti woyendetsa wamaliza ntchito. Chikhalirecho mpamene pagona ntchito yeniyeni, makamaka kwa wophunzira. Potera ayenera kuchepetsa liŵiro, koma akachepetsa mopyola muyeso mapiko amaleka kuinyamula ndegeyo ndipo imagwa chamutu. Akafika pansi mwamphamvu imanjanja ngati mpira. Mphepo ikaiomba cham'mbali imapotoloka nkusiya njira. Mmodzi mwa anthu amene adapirira maphunziro oopsaŵa ndi Mai Bessie Coleman, mkazi woyamba wachikuda wa ku America kulandira chiphaso choyendetsera ndege.

Iwo adabadwa pa 26 January 1892 ku Atlanta, m'chigawo cha Texas, m'banja losauka la ana 13, ndipo adakula akuthyola thonje ku Waxahachie. Ali ndi zaka 23 adapita ku Chicago kumene adagwira ntchito yokongoletsa zikhadabo m'nyumba yometera tsitsi. Kumeneko, pomva nkhani za asilikali obwera kunkhondo yoyamba ya dziko lonse, mtima wao udakhumba kuuluka. Koma sukulu za ndege za m'dzikomo zidaŵakana pa zifukwa ziŵiri: khungu lao ndi ukazi wao.

Bambo Robert Abbott, mwini nyuzi ya Chicago Defender, adaŵalangiza kuti akayese ku France. Adayamba aphunzira Chifalansa, ndipo mu November 1920 adaoloka nyanja kukaloŵa sukulu ya abale a Caudron ku Le Crotoy. Ndege yophunzirira idali ya mtundu wa Nieuport, ya matabwa ndi nsalu, yopanda mabuleki. Choimitsa chake chidali kachitsulo ka kumchira kamene kamakwekwereza pansi ndegeyo ikatera. Wophunzira akalakwa pang'ono panalibe chomupulumutsa, ndipo Mai Coleman adaona ndi maso ao mnzao wina akufa pa ngozi. Komabe sadabwerere m'mbuyo, ndipo pa 15 June 1921 adalandira chiphaso chao.

Atabwerera kwao adatchuka ndi zionetsero za m'mlengalenga, ndipo ankakana kuuluka pamalo pamene anthu akuda sankaloledwa kuloŵera chipata chimodzi ndi azungu. Cholinga chao chachikulu chidali kutsegula sukulu yophunzitsa achikuda anzao. Mu February 1923 injini idazima ali m'mwamba ku California. Adathyoka mwendo ndi nthiti, koma atachira adaulukanso.

Imfa idaŵapeza pa 30 April 1926 ku Jacksonville, m'chigawo cha Florida. Makaniko wao, William Wills, ndiye ankayendetsa, pamene iwo adakhala kumbuyo osamanga lamba kuti azisuzumira bwino malo amene adzatsikire ndi parachuti mmaŵa mwake. Mwadzidzidzi ndegeyo idazondoka nkuŵataya kunja, ndipo Wills naye adafera pomwepo. Ofufuza adapeza kuti sipanala yoiŵalika ndiyo idakola zitsulo zowongolera.

Adamwalira ali ndi zaka 34, sukulu ija asadaitsegule. Munthu amene adagonjetsa tsankho, umphaŵi ndi ndege yopanda mabuleki adaphedwa ndi sipanala imodzi ndi lamba wosamanga. Mnyamata kapena mtsikana wa ku Kawale amene akulota zoyendetsa ndege atolepo zinthu ziŵiri pa mbiriyi: kulimba mtima kwa Mai Coleman, ndi kusapeputsa kanthu kalikonse kakang'ono.