Bambo Julius Nieuwland: mwana wa alendo amene anathera moyo wake pa gasi woopsa

Mwezi wa Meyi ukafika, ife amene tili ku Indianapolis ndi madera oyandikana nawo timadziwiratu kuti phokoso la magalimoto ampikisano layandikira. Misewu ya ku Speedway imadzaza ndi alendo, ndipo ana athu amabwera kuchokera kusukulu akukamba za Indy 500. Ndi ochepa mwa ife amene amadziwa kuti bwalo la mpikisanoli ndi tauni yakeyo zinamangidwa ndi ndalama zochokera ku gasi woyaka wotchedwa asetilini. Ndi gasi yemwe uja amene ambiri a ife tinamuona kwathu, amisiri a ku Ndirande kapena ku Mchesi akuwotcherera ekizozi ya minibasi ndi lawi lopyapyala la buluu.

Gasi yemweyu ndiye anali ntchito ya moyo wonse wa munthu wina wa kumpoto kwa Indiana, ku South Bend. Munthuyo ndi Bambo Julius Arthur Nieuwland, wansembe wa Katolika komanso katswiri wa sayansi ya mankhwala. Tasankha kukamba mbiri yawo chifukwa nawonso anali mwana wa anthu obwera, ngati ana athuwa, komanso chifukwa moyo wawo ukutiphunzitsa mmene munthu angagwirire ntchito ndi chinthu chimene chingathe kumupha.

Julius anabadwa pa 14 Febuluwale 1878 m'mudzi wa Hansbeke ku Belgium. Mu 1880, ali ndi zaka ziwiri zokha, makolo ake anawoloka naye nyanja n'kudzakhazikika ku South Bend, mzinda umene panthawiyo unkakoka alendo ambiri ndi mafakitale ake, monga ya ngolo ya Studebaker ndi ya makasu olimira ndi akavalo ya Oliver. Paja mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mnyamatayu anakulira m'dziko lachilendo, analowa pa yunivesite ya Notre Dame pafupi ndi kwawo, n'kumaliza digiri yoyamba mu 1899. Analowa chipani cha ansembe cha Holy Cross, napita ku Catholic University of America ku Washington, ndipo anadzozedwa unsembe mu 1903. Mu 1904 analandira digiri ya udokotala wa sayansi atalemba kafukufuku wa mmene asetilini amasinthira akasakanizidwa ndi mankhwala ena.

Kuti timvetse zimene anakumana nazo, tiyambe tamudziwa gasiyu. Asetilini amapangidwa ndi kaboni ndi haidrojeni basi. Njira yakale yomupezera ndi kuthira madzi pa miyala yotuwa ya kabaidi, ndipo miyalayi inayamba kupezeka motchipa kuchokera mu 1892, pamene Thomas Willson anatulukira njira yoipangira m'ng'anjo yamagetsi ku North Carolina. Gasiyu alibe mtundu, ndi wopepuka pang'ono kuposa mpweya umene timapuma, ndipo wochokera ku kabaidi amanunkha ngati adyo chifukwa cha zinthu zina zimene zimasakanikirana naye. Akayaka pamodzi ndi okosijeni, lawi lake limapitirira madigiri 3,000, n'chifukwa chake limadula chitsulo. Kuopsa kwake kuli patatu. Poyamba, sachedwa kugwira moto: akangofika 2.5 peresenti ya mpweya wa m'chipinda, kaphaliphali kakang'ono n'kokwanira kuphulitsa chipinda chonse. Chachiwiri, akapanikizidwa kwambiri amatha kuphulika payekha, ngakhale popanda mpweya wina uliwonse. Chachitatu, akakhudzana ndi mkuwa, siliva kapena mekyule amapanga tizinthu timene timaphulika tikangogundidwa.

M'chaka chomwecho cha 1904, pamene wansembe wachinyamatayu ankamaliza kafukufuku wake, ku Indianapolis Carl Fisher ndi James Allison anayambitsa kampani imene inadzatchuka ndi dzina la Prest-O-Lite. Ankagulitsa asetilini wa m'masilinda woyatsira nyali za galimoto, popeza nyali zamagetsi zinali zisanafale. Ndalama zinalowa zambiri, koma mafakitale awo ankaphulika kawirikawiri, mpaka akuluakulu a mzinda analetsa kudzaza masilindawo m'kati mwa mzinda. Fisher, Allison ndi anzawo awiri, Arthur Newby ndi Frank Wheeler, anamanga bwalo la mpikisano mu 1909, ndipo Indy 500 yoyamba inachitika mu 1911. Mu 1912 anayala mapulani a tauni ya Speedway pafupi ndi bwaloli, ndipo fakitale ya Prest-O-Lite inasamukira kumeneko, kutali ndi nyumba zothithikana za mumzinda. Mu 1917 kampaniyi inakhala gawo la Union Carbide. Choncho amalonda a ku Indianapolis anaphunzira kuopsa kwa gasiyu makoma atagwa kale.

Bambo Nieuwland anaphunzira ndi thupi lawo. Pa kafukufuku wawo uja ku Washington, anasakaniza asetilini ndi arsenic trichloride, mankhwala a poizoni wa aseniki. Zimene zinatuluka zinawadwalitsa kwambiri moti anagonekedwa m'chipatala masiku angapo. Atachira analemba zimene anaona, n'kuzisiya pomwepo osazipitiriza. Koma zolembedwa sizifa. Mu 1918, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili m'kati, gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Winford Lee Lewis linatenga zimene iwo analemba n'kupanga poizoni wankhondo wotchedwa lewisite, amene amawotcha khungu, maso ndi mapapo. Boma la America linayamba kumupanga ku Willoughby m'chigawo cha Ohio, koma nkhondo inatha asanagwiritsidwe ntchito.

Nkhani ya poizoniyu inakafika mpaka kwathu mwa njira yodabwitsa. Pa nkhondo yachiwiri, akatswiri a ku Oxford anapanga mankhwala opulumutsa munthu amene wakhudzidwa ndi lewisite. Pambuyo pake Ernst Friedheim anaphatikiza mankhwala amenewo ndi ena a aseniki n'kupanga melarsoprol, amene kwa zaka zambiri madokotala ankabayira odwala kaodzera, matenda ofalitsidwa ndi kashembe m'madera monga Nkhotakota ndi Rumphi. Mankhwalawo anali owawa ndiponso oopsa, komabe anapulumutsa anthu ambiri pa nthawi imene kunalibe ena.

Atabwerera ku Notre Dame mu 1904, Bambo Nieuwland anayamba ndi kuphunzitsa za zomera, zimene ankazikonda kwambiri. Ankayenda m'madambo ndi m'nkhalango kutola masamba ndi maluwa, ndipo mu 1909 anayambitsa magazini yasayansi ya American Midland Naturalist. Zomera zouma zimene anasonkhanitsa zikusungidwabe pa yunivesiteyi. Mmodzi mwa amene anawathandizapo ntchito mu labotale anali Knute Rockne, naye mwana wa alendo wobadwira ku Norway, amene anadzatchuka monga mphunzitsi wa timu ya mpira wachiamerika ya Notre Dame.

Asetilini sanamuiwale. Mu 1906 anadutsitsa gasiyu m'madzi okhala ndi mchere wa mkuwa, ndipo anamva kafungo kachilendo kosonyeza kuti papangika chinthu chatsopano. Sanathe kuchigwira. Anabwereza, kusintha mankhwala, kubwerezanso, kwa zaka 14. Mu 1918 anasiya kuphunzitsa za zomera n'kukhala pulofesa wa sayansi ya mankhwala, ndipo cha m'ma 1920 anapeza kasakanizidwe koyenera, kamene kanachititsa tizigawo titatu ta asetilini kulumikizana n'kupanga mafuta otchedwa divinylacetylene. Mafutawa akakhalitsa ankauma n'kukhala ngati labala, koma anali ndi vuto lalikulu: akakhudzana ndi mpweya amapanga zinthu zophulika. Taganizani munthu amene anagonapo kale m'chipatala chifukwa cha gasiyu, akumusakaniza tsiku ndi tsiku ndi mchere wa mkuwa, chitsulo chimene amadziwa bwino kuti sichigwirizana naye. Anapitiriza ntchitoyo mpaka imfa yawo, imene siinabwere chifukwa cha ngozi ya mu labotale.

Mu Disembala 1925 anakafotokoza za ntchitoyi pa msonkhano wa akatswiri ku Rochester, New York. Mwa omvera munali Elmer Bolton wa kampani ya DuPont, imene inkafunafuna njira yopangira labala popanda mtengo wa labala. Anagwirizana zogwirira ntchito limodzi. Mu Epulo 1930, Arnold Collins, wa m'gulu la Wallace Carothers ku DuPont, anapeza madzi otchedwa chloroprene kuchokera ku njira ya Bambo Nieuwland, ndipo madziwo atakhala masiku ochepa anauma n'kukhala labala wodunda ngati mpira. Kampaniyi inalengeza labalayu mu Novembala 1931 ndi dzina la DuPrene, ndipo patapita zaka zochepa anayamba kutchedwa neoprene. Labala ameneyu sawonongeka msanga ndi mafuta, kutentha kapena dzuwa. Lero ali m'mapaipi ndi malamba a injini, m'magolovesi a m'mafakitale, m'zovala za osambira m'madzi ozizira, ngakhalenso m'kachikwama ka laputopu ka mwana wanu.

Monga wansembe amene analumbira kukhala moyo waumphawi, Bambo Nieuwland sanadzikundikire chuma kuchokera ku ntchitoyi. Analandira mamendulo angapo, kuphatikizapo Nichols Medal mu 1935. Anamwalira mwadzidzidzi ndi nthenda ya mtima pa 11 Juni 1936, ali ndi zaka 58, atapita kukacheza ku Catholic University, komwe kuja anadwalira ali wachinyamata. Nyumba ina yophunziriramo sayansi ku Notre Dame imatchedwa ndi dzina lawo, ndipo mu 1996 analembedwa mu National Inventors Hall of Fame.

Tsono ife makolo titengepo chiyani? Ena mwa ife timagwira ntchito m'magalaja ndi m'mafakitale, ndipo ana athu akulowa mu labotale kusekondale ndi kukoleji. Malamulo amene amatiuza kumeneko analembedwa anthu atavulala. Silinda ya asetilini si botolo lopanda kanthu lodzazidwa gasi: m'kati mwake muli zinthu zokhala ndi timabowo zonyowetsedwa ndi asetoni, ndipo gasiyo amasungunuka mu asetoniyo kuti asaphulike. N'chifukwa chake silinda iyenera kuima chilili ndi kumangiriridwa ndi tcheni. Ngati inagonekedwa ponyamula, iyenera kuimikidwa kwa ola limodzi kapena kupitirira isanatsegulidwe, apo ayi asetoni amatulukira m'paipi. Gasi wotuluka asapitirire 15 psi pa geji. Mapaipi ake asakhale amkuwa. Pamapaipi payenera kukhala kachipangizo kotsekereza lawi kuti lisabwerere m'silinda. Pofufuza ngati gasi akuthawa timapaka madzi a sopo n'kuona thovu, osati kuyatsa machesi. Silinda ya okosijeni isungidwe patali, ndipo isakhudzidwe ndi girisi kapena oilo. Tikamva fungo la adyo lija, titseke gasi ngati n'kotheka, titsegule zitseko, tisakhudze switchi yamagetsi, tituluke n'kuitana ozimitsa moto.

Inu ana athu, mphunzitsi akakuuzani kuti muvale magalasi oteteza maso, kuti musanunkhize botolo mwachindunji, kapena kuti musakanizire mankhwala m'kabati yokoka utsi, kumbukirani wansembe wachinyamata uja ali gone m'chipatala ku Washington. Werengani pepala lofotokoza kuopsa kwa mankhwala musanatsegule botolo. Lembani deti pa botolo lililonse limene mwatsegula, chifukwa mankhwala ena, monga mafuta aja a Bambo Nieuwland, amasanduka bomba akakhalitsa. Mukataya kapena kuswa kanthu, nenani nthawi yomweyo. Ambiri a ife tinaleredwa kuti mwana akalakwa azikhala chete pamaso pa akuluakulu, ndipo mwana wa alendo amaopanso kuoneka wosadziwa pakati pa anzake. Mu labotale manyazi otere amavulaza anthu.

Ifenso akuluakulu tikamatumiza ndalama kwathu zoti m'bale wathu ayambire bizinesi yowotcherera, tisaiwale kuwonjezerapo ya magalasi, magolovesi, mapaipi abwino ndi kachipangizo kotsekereza lawi kaja. Timufunsenso komwe amasunga kabaidi, pakuti malo ake ndi m'chitini chotsekedwa bwino, pouma, kutali ndi madontho a mvula komanso kutali ndi ana.

Tsiku lina mukamadutsa pa Main Street ku Speedway kapena mukapita kukaona abale ku South Bend, auzeni ana nkhaniyi. Afotokozereni kuti mwana wina anafika kuno ali ndi zaka ziwiri, anavulazidwa ndi asetilini akali pasukulu, ndipo anagwira naye ntchito zaka zina zoposa 25 mpaka dziko linapeza labala watsopano.