Oswald Boelcke, msilikali amene anakazonda mdani m'chipatala

Ndikaweruka ntchito ya usiku kuno ku Doha ndimaona ndege zikutera pa Hamad International Airport. Masiku ano zikumandikumbutsa Oswald Boelcke wa ku Germany, mmodzi mwa anthu oyamba kumenya nkhondo mumlengalenga.

Anabadwa pa 19 May 1891 ndipo anakulira ku Dessau, bambo ake ali mphunzitsi. Ali mwana ankavutika ndi mphumu, komabe analowa usilikali mu 1911. Anaphunzira kuyendetsa ndege mu 1914, chaka chimene nkhondo yoyamba ya dziko lonse inabuka. Nkhondo yomweyo inafika ku Karonga mu September 1914, ndipo makolo athu ankaitcha ya Chiwaya.

Boelcke anagwetsa ndege 40. Mu January 1916 iye ndi Max Immelmann analandira mendulo ya Pour le Mérite. Analemba malamulo asanu ndi atatu omenyera nkhondo mumlengalenga, ndipo ndi iye anasankha ndi kuphunzitsa Manfred von Richthofen m'gulu lake la Jasta 2.

Sindikumuyeretsa ayi. M'ndege zimenezo munali ana a eni, ndipo ambiri sanabwerere kwawo. Koma zinthu ziwiri zandigwira mtima monga namwino. Mu August 1915 anadziponya mumngalande kukavuula mnyamata wachifalansa amene ankamira, mwana wa dziko limene ankamenyana nalo. Mu January 1916 anagwetsa ndege ya Angerezi, kenako anapita kuchipatala kukazonda mmodzi wa iwo amene anavulala. Anatenganso kalata yake n'kukaiponya kumbali ya Angerezi kuti akwawo adziwe kuti ali moyo.

Imfa yake sinabwere ndi chipolopolo cha mdani. Pa 28 October 1916, pafupi ndi Bapaume ku France, nkhondo ili mkati, ndege yake inakhulana ndi ya mnzake wapamtima Erwin Böhme, amene kale ankagwira ntchito ku mapiri a Usambara, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Phiko linang'ambika, ndege inagwa, Boelcke n'kumwalira ali ndi zaka 25. Angerezi anaponya nkhata yamaluwa pomulemekeza. Böhme anapulumuka, nakhala ndi chisonicho mpaka naye anaphedwa mu November 1917.

M'wodi yathu mumagona anthu a mitundu yambiri, ena ochokera kumayiko amene sakumwerana madzi. Tsiku lina wodwala wina anandinyoza chifukwa cha khungu langa, ndipo m'mawa mwake ndinkazengereza kukamutsuka bala. Ndinakumbukira msilikali uja ataima pambali pa bedi la munthu amene anamuwombera yekha. Ndinavala magolovesi, n'kupita. Nanga inu, ndani amene mukuzengereza kukamuona sabata ino?